Kodi mumadziwa?

Msewu wa Burma komanso malo a asilikali a Arakan, amene anthu a ku Bauleni ndi Lusaka yense amawadziwa bwino, amatikumbutsa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Makolo athu a gulu la Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za ku Burma, dziko limene lero limatchedwa Myanmar. Mkulu wa nkhondo wa ku Britain amene anatsogolera kumeneko, William Slim, anafotokoza nkhondoyo m'buku lake la 1956, Defeat into Victory, lomwe mpaka pano ophunzira utsogoleri wa asilikali amaliwerenga. Mukamadutsa pamsewu umenewu, kumbukirani makolo athu amene sanabwerere kwawo.