Sowo ya sukulu igulidwe ngati njinga ya kabaza

Aliyense wokhala mu Mzuzu amawadziwa anyamata a Sacramento, aja opalasa njinga zonyamula anthu kupita ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Luwinga. Mufunseni mmodzi kuti amaona chiyani akamagula njinga. Za penti ndi belu sazitchula n'komwe. Amagwedeza felemu, amafinya mabuleki, kenako amafunsa ngati sipeya wake amapezeka pamsika. Nzeru imeneyi, abale anga, ndi imene komiti ya sukulu iyenera kutenga ikafuna kugulira ana ophunzira ukalipentala sowo yamagetsi ija amati miter saw.

Sowoyi ndi buledi yozungulira ya mano, yomangiriridwa kumkono umene umatsika ndi kukwera. Thabwa mumaligoneka patebulo la makinawo, n'kulikanikiza kukhoma lachitsulo lakumbuyo, kenako mumatsitsa mkonowo. Mukaitchera pa madigiri 90, thabwa limaduka mowongoka. Mukaitchera pa 45, mumapeza ngodya zokumana bwino ngati za felemu ya chithunzi. Ntchito yake ndi kudula mopingasa basi. Kung'amba thabwa m'litali kuli ndi makina ake ena.

Njinga yapakhomo imadziwa mwini mmodzi, koma ya kabaza imanyamula wonenepa ndi woonda, thumba la chimanga ndi mtolo wa malata, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sowo ya sukulu ndi ya kabaza. Kaya ndi ku Mzuzu Technical College kapena m'makoleji ena amene TEVETA yakhala ikuyang'anira chikhazikitsidwire mu 1999, imadutsa m'manja ambiri osazolowera. Wina amaitsitsa mwankhanza, wina amaikokera kumbali. Sowo yokwanira kalipentala mmodzi wosamala ikhoza kukalamba pateremu imodzi.

Yambani ndi felemu. Muli m'sitolo momwemo, tsitsani mkono wa sowo mpaka pansi, muukankhire kumanja ndi kumanzere. Ukamagwedera ukadali watsopano, isiyeni. Mawa udzadula mokhota. Pali sowo zina zimene mutu wake umatsetsereka pa timapaipi tiwiri. Zimenezi zimadula thabwa lotambalala pafupifupi masentimita 30, pamene yosatsetsereka ya buledi ya mamilimita 254 imathera pa masentimita 14. Koma kumbukirani chifukwa chake akabaza ambiri safuna njinga ya magiya: chilichonse chowonjezera ndi china chodzatha. Ngati ana anu amadula matabwa wamba a paini ochokera ku Chikangawa, a mainchesi 4, yosatsetsereka ikukwanirani. Ngati mumapalanso mbawa ndi mlombwa, onetsetsani kuti mota yake ndi ya mawati 1,500 kapena kuposerapo.

Kenako mabuleki. Palibe kholo limene lingakweze mwana wake njinga yopanda mabuleki pamtsetse. Sowo yabwino ili ndi buleki yamagetsi imene imaimitsa buledi m'masekondi ochepa chala chikangochoka paswichi. Yopanda buleki imapitiriza kuzungulira, ndipo mwana wothamangira kuchotsa kachidutswa ka thabwa amakumana nayo. Onaninso chivundikiro cha buledi: chizitseguka chokha sowo ikamatsika, n'kutseka chokha ikakwera. Pakhalenso chopanira thabwa, kuti dzanja likhale patali masentimita osachepera 15 kuchokera pamano.

Nkhani yaikulu ili pa sipeya. Njinga yokongola imene tayala lake silipezeka mumzinda muno imathera kudenga. M'mota ya sowo zambiri muli timakala tiwiri, mabulashi, timene timaperepeseka ndi ntchito. Ndi totchipa, koma tikatha, makina onse aima. Kaya dzina ndi Makita, Bosch, DeWalt kapena lina, musakhutire ndi mawu oti "tidzaitanitsa." Wogulitsayo akuonetseni mabulashiwo m'manja. Funsaninso kukula kwa bowo la pakati pa buledi, chifukwa lina ndi la mamilimita 30, lina 25.4, ndipo sowo zambiri za ku America zili ndi laling'ono kuposa pamenepa. Za ku America zili ndi vuto linanso: zimayendera mavoti 120, pamene magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Mphatso ndi yabwino, koma abwenzi akunja akafuna kuthandiza sukulu, auzeni manambala amenewa asanagule.

Sowo ikafika kusukulu, iyeseni ana asanaigwire. Tengani thabwa lowongoka, mulidule pa madigiri 90, mutembenuze chidutswa chimodzi chafufumimba, n'kuzigundanitsa pamene mwadulapo patebulo losalala. Zikakumana popanda mpata, sowo ili bwino. Pakaoneka kampata kooneka ngati mphanda, itchereninso ndi sikweya mpaka katseke. Ana aphunzire kuyesa kotereku teremu iliyonse.

Wakabaza amapukuta tcheni chake madzulo, ndipo sowo nayo imafuna dzanja. Paini ali ndi utomoni umene umamatirira pamano. Buledi ikada, imayamba kupsereza thabwa m'malo molidula, mota n'kumalira movutika. Mzuzu ndi wachinyontho, mvula imachedwa kutha, choncho matabwa aawisi ayambe auma, utuchi usesedwe tsiku ndi tsiku, makina afunditsidwe kuti asachite dzimbiri. Aimikidwe pabenchi ndi mabawuti, ndipo magetsi akazima, pulagi izulidwe.

Pomaliza, ndalama zonse zisathere pa sowo yokha. Patulani kaye ya buledi yachiwiri, ya mano 40 yodulira wamba kapena 60 yosalalitsa, ya mabulashi apadera, magalasi otchinga maso ndi zotseka m'makutu. Yotsalayo ndiyo mtengo weniweni wa sowo imene sukulu yanu ingakwanitse.