Khoma Lonyamula Mawu a Anthu

M'chaka cha 2006 katswiri wa zaluso wa ku New York, a Paul Notzold, adayambitsa ntchito yotchedwa TXTual Healing. Usiku ankawalitsa pakhoma la nyumba chithunzi chokhala ndi malo opanda mawu, pamodzi ndi nambala ya foni. Wodutsa aliyense ankatumiza uthenga ku nambalayo, ndipo posakhalitsa mawu ake ankaoneka pakhomapo m'zilembo zikuluzikulu, popanda dzina lake. Luso lotere limasiyana ndi chiboliboli chosemedwa ku Kungoni, ku Mua, chomwe timachipeza chitatha kale. Apa mmisiri amangokonza malo, ndipo anthu ndiwo amamaliza ntchito.

Nkhani ya kutaliyi ikutikhudza chifukwa mphamvu ya uthenga wa pa foni tidaiona kale m'dera lathu. Mu 2008, pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete, anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi adapatsidwa mafoni kuti azitumiza mauthenga kuchipatala, m'malo moyenda mtunda wautali wapansi kapena panjinga. Chomwe luso la pakhoma likuwonjezerapo n'chakuti uthenga suthera kwa munthu mmodzi. Mlimi yemwe fodya wake sadagulidwe bwino, kapena mayi wamasiye amene sangaime pamsonkhano wa mphakati kunena za mumtima mwake, angawerenge mawu a mnzake wosamudziwa amene adadutsa m'zomwezo napirira.

Ku Mitundu ndi ku Nathenje makina owalitsira zithunzi ndi magetsi odalirika sizipezeka paliponse, koma izi si chopinga. Ku New Orleans mu 2011, a Candy Chang adangopaka utoto wa bolodi pakhoma la nyumba yosiyidwa, anthu n'kumalembapo ndi choko zimene akufuna kuchita asanamwalire. Ifenso tingathe ndi bolodi, choko ndi foni imodzi: mauthenga afike mkati mwa sabata, achinyamata awalembe pabolodi pa tsiku la msika kapena Lamulungu Misa isanayambe.

Chovuta chenicheni chili pa kubisa dzina. Kumamasula wamanyazi, komanso kumapatsa mpata wamiseche ndi wonyoza. N'chifukwa chake pamafunika anthu awiri kapena atatu okhwima maganizo, monga akatekisiti, oti aziwerenga uthenga uliwonse usanalembedwe, ndi kusunga chinsinsi cha nambala. Uthenga wina ukaonetsa kuti wolembayo wataya mtima kotheratu, umenewo usapite pabolodi. Mmodzi wa iwo amuimbire foni tsiku lomwelo.