Mpangala, chitsamba cha minga chimene chikudya msipu wa ku Kafue

Mpangala ndi chitsamba cha minga chimene chimakonda madera otentha ndi ouma. M'boma la Kafue, kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, umapezeka m'mbali mwa misewu, m'masala ndi kubusa kwa ng'ombe. Akatswiri a zomera amautcha Dichrostachys cinerea, ndipo ndi wa banja limodzi ndi nyemba, nandolo ndi nsangu.

Kawirikawiri mtengowu supitirira mamita 7. Minga yake ndi tinthambi tolimba tosongoka, ndipo tina timaphuka masamba. Mvula ikamayandikira umachita maluwa olendewera a mitundu iwiri pa phesi limodzi: kumtunda apinki, amene sabereka, kumunsi achikasu, amene amabala zitheba zopotanapotana. M'chilimwe zithebazo zikayoyoka, ng'ombe ndi mbuzi zimazitola, ndipo njere zake zimafalikira m'ndowe. Mizu yake imayanga patali n'kumaphukira paliponse, kotero munthu akadula tsinde limodzi, mphukira zambiri zimatuluka m'malo mwake.

Kwawo kwa mpangala ndi kwakukulu. Umamera kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, kutsika mpaka ku South Africa, komanso ku India ndi kumpoto kwa Australia. Ku Malawi ndi wodziwika m'chigwa cha Shire, ndipo ku Zambia uli wambiri m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi. Anthu anapita nawo ku Cuba m'zaka za m'ma 1800, ndipo kumeneko unalanda mahekitala oposa miliyoni imodzi. Eni dzikolo amawotcha makala a mtengowu, ndipo mu 2017 anayamba kuwagulitsa ku United States.

Kumadzulo kwa tawuni ya Kafue kuli chigwa cha Kafue Flats, cha masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Zomera za m'chigwachi zimatsata madzi. Pafupi ndi mtsinje wa Kafue pali udzu wokhawokha, chifukwa madzi osefukira amakhala miyezi ingapo ndipo mitengo singapirire. Kumtunda pang'ono kuli dambo la zulu zambirimbiri, kumene madzi amafika mwa apo ndi apo. Kupitirira pamenepo ndiye nkhalango ya mitengo ya minga monga mthethe ndi nsangu, ndipo pa dothi lamakande pamamera tsanya. M'mapiri ozungulira Kafue Gorge muli nkhalango ya miombo. Malo enieni a mpangala ndi m'nkhalango ya mingayo ndi m'mphepete mwake. M'miombo yowirira suchuluka, chifukwa sukonda mthunzi, koma anthu akangodula mitengo n'kuwotcha makala, umalowerera msanga.

M'zaka za m'ma 1970 anamanga madamu awiri pa mtsinje wa Kafue, la Kafue Gorge kumunsi kwa chigwa ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda, kuti apeze magetsi. Kuyambira pamenepo madzi anasiya kusefukira monga kale. Malo ena amene ankamira chaka ndi chaka anayamba kuuma, ena anasanduka thawale losaphwa. Ku malo osungira nyama a Lochinvar, m'chigwachi, mpangala wafalikira m'dambo la zulu lija. Kumene msipu wadyedwa mpaka kufumbi, udzu sukwanira kuti moto wa tchire uphe mphukira, ndiye chitsambacho chimakula mosaletseka mpaka kusanduka chiyangoyango chimene ng'ombe singalowemo.

M'malo onyowa muli chitsamba china cha minga, Mimosa pigra, chochokera ku America wotentha. Chimenechi chinali pa mahekitala ochepa chabe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma pofika 2005 chinali chitakuta mahekitala pafupifupi 3,000 ku Lochinvar. Zitsamba ziwirizi zapanikiza msipu mbali zonse, ndipo zimene zikuvutika ndizo nyama za lechwe, zimene mtundu wake umapezeka m'chigwachi mokha, pamodzi ndi ng'ombe za Aila ndi Atonga zimene zimatsikira kudambo m'chilimwe.

Komabe mitengo iwiriyi siyofanana. Mimosa ndi mlendo wofunika kuzulidwa, pamene mpangala ndi wa konkuno ndipo uli ndi ntchito. Mizu yake imawonjezera chonde m'nthaka ndi kugwira dothi pamene madzi akukokolola. Thabwa lake ndi lolimba, chiswe sichilidya msanga, kotero limachita bwino pa mipini ya makasu ndi mizati ya khola. Nkhuni zake zimayaka nthawi yaitali, njuchi zimakonda maluwa ake, ndipo zitheba zake zimapulumutsa ziweto udzu ukatha.

Mpangala ukachuluka pamalo, ndiye kuti malowo atopa. Kuudula kokha sikuthandiza. Chofunika ndi kupumitsa mabusa kuti udzu ubwerere, kupatulira zitsamba mobwerezabwereza, ndi kutsegula madzi a ku Itezhi-Tezhi m'nyengo imene chigwa chinazolowera kusefukira.