Kukokoloka kwa Nthaka ku Lifuwu

Mvula yoyamba ikagwa ku Lifuwu m'boma la Salima, madzi otsika m'mapiri amadza ndi matope. Matope amenewo ndiyo nthaka yachonde ya m'minda mwathu. Mitengo ikatha kumtunda, madzi amathamanga popanda chowaletsa, nakokolola nthaka yapamwamba. Ina imakwirira mpunga kudambo, ina imakafika m'nyanja ndi kuononga malo amene chambo chimaswanirana.

Choncho mlimi aunge mizere yopingasa chitsetse motsata akalozera, ndipo pa akalozerawo adzale udzu wa vetiva kuti ugwire nthaka. Asadulenso msangu, pakuti mtengowu umayoyola masamba m'dzinja, nuwonjezera chonde popanda kutchinga dzuwa pa chimanga. Ntchitoyi tiyambe mvula isanagwe.