Kampata ka m'mbaula kamene kamadya makala a kwanu

Mbaula yokhala ndi dothi mkati, ija yowonda m'chiuno ngati mtondo, ili ndi zigawo zitatu ngakhale ambiri timaona ziwiri. Kunja kuli chitsulo. Mkati muli kambale kadongo lowotcha, kamabowo pansi, momwe timathira makala. Chachitatu n'chobisika: pakati pa ziwirizi amisiri amamatapo zosakaniza, kawirikawiri simenti ndi timiyala topepuka totchedwa vermiculite. Chomatiracho n'chimene chimayamba kutha, ndipo chikatha mbaula imayamba kumeza makala ngati ili ndi njala ya chaka chatha.

Mbaula yamtunduwu inakonzedwa ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, potengera mbaula ina ya ku Thailand. Kulinso chowotchera nyama chadothi chotchedwa kamado, chokhala ndi chivundikiro cholemera. M'mphepete mwa chivundikirocho amamata kalamba kosapsa msanga kotchedwa gasket, ndipo kakaperepeseka amakapala n'kuika kena. Ntchito ya kalambako ndi yomweyo ya chomatira cha mbaula yathu: mpweya uzilowa pokhapo pamene wophika walola.

Tiyambe ndi mpweyawo. Mwa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, pafupifupi 21 ndi okosijeni, ndipo makala sangayake popanda iye. Makala ndi kaboni, ndiye akakumana ndi okosijeni wokwanira timapeza C + O₂ → CO₂ pamodzi ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera, ndipo pokwerapo umakoka wozizira kudzera pa kachitseko kapansi kaja. Imeneyi ndiyo convection ya m'buku la Physics. Mukatsegula kachitseko moto umalilima, mukatseka umafatsa. Nyemba zikawira sizifunanso moto waukali, n'chifukwa chake amayi amakankha kachitsekoko ndi phazi n'kumapitiriza zina.

Tsono chomatira chikagumuka, mpweya umapeza njira yachidule. Wina umadutsa m'mbali mwa kambale osakhudza n'komwe makala, n'kukaziziritsa pansi pa poto. Wina umalowa m'ming'alu n'kumakoleza makala pamene inu mukuganiza kuti mwatseka. Mbaula yotere ili ngati njinga yopanda mabuleki.

Izi anthu a kuno ku Neno sakufunika kuuzidwa ndi buku. Wowotcha makala aliyense wa ku Lisungwi kapena Kam'mwamba amadziwa kuti uvuni ukabooka usiku osautseka ndi dothi, m'mawa amapeza phulusa lokhalokha. Sayansi yake ndi imodzimodzi, kungosiyana kukula. Sindikuti mukayambe kuwotcha makala, ayi, ndi mlandu kutero popanda chiphaso cha boma.

Vuto lachiwiri ndi conduction. Chitsulo chimadutsitsa kutentha mofulumira pafupifupi ka 50 kuposa dongo lowotcha. Kambale kakakhala bwino pa chomatira chake, kutentha kwambiri kumakakamizika kukwera kupita ku poto. Kakasunthira mbali imodzi n'kugunda chitsulo, kapena makala amoto akamagwera m'mpatamo, mukuwothetsa moto khonde lonse, ndipo chitsulocho chimapsa, kuchita dzimbiri n'kubooka msanga.

Nanga chomatiracho chimatha bwanji poti palibe amachikhudza? Zinthu zikatentha zimafutukuka, koma osati mofanana. Chitsulo chimafutukuka pafupifupi kawiri kuposa dongo lowotcha. Mukakoleza moto m'mawa chitsulo chimatakasuka n'kuthawa kambale, moto ukazima chimabwerera n'kukafinya. Kawiri kapena katatu pa tsiku, chaka chathunthu, chomatira chija chimasanduka fumbi. Chimene chimafulumizitsa imfa yake ndi chizolowezi chozimitsa makala pothira madzi m'mbaula momwemo. Kunja kwa dongo kumazizira mwadzidzidzi mkati mukadali moto, basi thee! mng'alu. Khuthulani makalawo pansi, muwazimitsire pamenepo.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri, kumafuna kudekha. Mbaula ikazizira, ndimagwedeza kambale pang'onopang'ono mpaka katuluke. Ngati pali timalata topinda togwira kambaleko, ndimayamba ndatiwongola. Kenako ndimapala chomatira chakale chonse ndi mpeni wakutha, chifukwa chatsopano sichigwira pa fumbi, ndipo apa m'pamene aulesi amagwera. Vermiculite sapezeka m'magolosale athu, choncho ndimagwiritsa ntchito dongo la kudambo kapena dothi la pachulu: manja awiri a dongo, dzanja limodzi la mchenga wosefa, limodzi la phulusa. Dongo lokha limafota pouma n'kung'ambika. Mchenga sufota, ndiye umaligwira. Phulusa ndi lopepuka ndipo silidutsitsa kutentha msanga. Dongo limasiyana dera ndi dera, tsono umbani kampira kamodzi mukaumike kaye pamthunzi. Kakachita ming'alu, onjezani mchenga.

Ndimanyowetsa kambale kunja kwake kuti kasayamwe madzi a phalalo msangamsanga, ndimamata mkati mwa chitsulo, n'kukhazika kambale pakatikati, osapendekera. Mpata wotsala pamwamba ndimaudzaza pokanikiza ndi chala kuzungulira mkombero wonse. Ndi kamtengo ndimatsegula bowo lililonse limene latsekeka. Kachitseko kakapindika, okhoma zidebe pamsika amakawongola pa mphindi zochepa.

Kenako dikirani masiku atatu kapena anayi, mbaula ili pamthunzi. Ndikudziwa, kunyumba afunsa kuti tiphikira chani, koma musagonje. Madzi akasanduka nthunzi pa 100°C amafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa poyamba. Madzi otsekeredwa m'dongo losauma alibe kothawira, amaliphulitsa. Moto woyamba ukhale wa timakala tochepa chabe.

Apa pali chinthu chimene sindifuna muchimve molakwika. Mbaula yomatidwa bwino si mbaula yoti mugone nayo m'nyumba. Okosijeni akachepa, makala amatulutsa carbon monoxide: 2C + O₂ → 2CO. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umakakamira haemoglobin wa m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, tulo, osadzukanso. Kumapiri a kwa Dambe kukazizira mu June ndi July, chiyeso cholowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo chimakhala chachikulu. Makala ofiira opanda utsi amaphanso. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yodutsa mphepo, ndipo wina akayamba kudandaula mutu pafupi ndi mbaula, mtulutseni panja msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Mwina mukuti kampata kamodzi n'kachani. Kafukufuku wa mu 2007 wotchedwa Charcoal: the reality anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkagwiritsa ntchito matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka, zimene zinkadya nkhalango pafupifupi mahekitala 15,000. Matumba amene mumawaona pa njinga mumsewu wa Zalewa akulowera ku Blantyre ndi mitengo ya m'mapiri athu omwewa, ndipo gawo lina limakapsa pachabe m'mbaula zong'aluka.

Musangondikhulupirira, yesani. Musanakonze mbaula, yezani makala odzaza chitini chimodzi, ikani malita 2 a madzi m'poto wovundikira, ndipo lembani mphindi zimene atenge kuti awire. Akawira tsekani kachitseko, muwerengenso mphindi mpaka moto utafooka. Mukakonza bwerezani ndi poto yemweyo, chitini chomwecho, makala a m'thumba lomwelo, pamalo opanda mphepo. Chitani katatu mbali iliyonse n'kupeza avereji, poti makala a tsanya ndi a mango sayaka mofanana ndipo m'thumba limodzi mumatha kukhala zosakanikirana. Ngati kambale kasweka pansi pamabowo penipeni, kumata sikuthandiza: chitsulo chisungeni, mukafunse kambale katsopano kwa amene amapanga mbaulazo.