Barbara Jordan, Phungu wa ku Texas

Dziko la United States of America liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi bwalo lace la malamulo. Aphungu a mabwalo amenewa ndiwo aweruza zambiri za masukulu, misewu ndi nchito za anthu. Texas, cigawo cocepa pang'ono poyerekeza ndi Zambia, bwalo lace lisonkhana mu mzinda wa Austin, ndipo liri ndi nyumba ziwiri. Imodzi ya izo, yochedwa Senate, iri ndi mipando 31 yokha.

Barbara Jordan anabadwa mu 1936 ku Houston, m'dera la anthu akuda osauka. Atate wace anali mlaliki wa mpingo wa Baptist. Masiku amenewo lamulo linali kulekanitsa mitundu: ana akuda anali ndi masukulu ao, ndipo m'basi munthu wakuda anali kukhala kumbuyo. Mtsikanayo anali ndi liu lalikulu lomveka bwino, nachuka pa mipikisano ya mtsutso. Anaphunzira pa Texas Southern University, natsiriza maphunziro a malamulo ku Boston mu 1959. Pobwerera kwao analibe ofesi, tsono anayamba kuthandiza anthu pa mirandu yao atakhala pa tebulo lodyera la makolo ace.

Mu 1962 anaima pa masankho, nalephera. Mu 1964 analepheranso. Cifukwa cace cinali ici: anthu a boma lonse la Houston anali kusankha aphungu onse pamodzi, motero mavoti a akuda anali kumira pakati pa mavoti ocuruka a Azungu. Pambuyo pace makhoti analamula kuti malire a madera a masankho alembedwe mwatsopano. Dera lina latsopano linagwera kumene kunali akuda ndi anchito ambiri, ndipo mu 1966 anthu akumeneko anamsankha kulowa mu Senate. Cipitire caka ca 1883 munalibe munthu wakuda m'nyumbamo, ndipo mkazi wakuda anali asanakhalemo ndi kale lomwe.

Pokhala yekha pakati pa amuna 30 Acizungu, sanafulumire kulankhula. Anayamba waphunzira malamulo oyendetsera msonkhano, ndipo poimirira anali kubwera atakonzeka. Ngakhale amene anamnyoza poyamba anafika pomlemekeza. Iye anathandiza kukhazikitsa lamulo loyamba la ku Texas loika malipiro amene wolemba nchito sayenera kucepetsapo, ndiponso kukweza cipukuta misozi ca anthu opwetekedwa pa nchito. Mu 1972 aphungu anzace anamsankha kukhala mtsogoleri wogwirizira wa nyumbayo, ndipo pa 10 June anagwira udindo wa bwanamkubwa wa Texas tsiku limodzi.

Kuyambira 1973 kufikira 1979 anatumikira ku bwalo lalikulu la ku Washington, kumene anamveka m'dziko lonse mu 1974 polankhula pa mlandu wa President Nixon. Atacoka kumeneko anaphunzitsa pa University of Texas. Anamwalira mu 1996, naikidwa ku Austin m'manda a boma, pamodzi ndi akulu a cigawoco.

Mafunso
1. Barbara Jordan analepheranji kawiri pa masankho?
2. Chulani malamulo awiri amene anathandiza anchito.
3. Kodi phungu wa dera lanu ndani?