Kawotchi ka agogo kadzuka m'matope

Madzi osefukira a Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 ataphwa, banja lina la ku Nsanje linafukula thiranki yachitsulo pansi pa zipupa za nyumba yawo yomwe inagwa. Zovala zinali zitawola, makalata ataphatikana. Pakona panali kanthu kozungulira, kakuda bii, kolendewera ku tcheni chodukaduka. Kanali kawotchi ka m'khosi ka agogo aakazi. Amuna awo adakagula kwa wogulitsa zinthu zakale ku Beira m'masiku omwe ankagwira ntchito pa njanji, Nsanje ikutchedwabe Port Herald.

Tangoganizani mmene kanalili! Galasi linali litang'aluka pakati, muvi umodzi utapindika, winawo utasowa. Chivundikiro chinakanirira, matope atauma gwa m'mphepete monse. Ndipotu kanali katasiya kale kuyenda madzi asanabwere, zaka zambirimbiri kali chete. Ana ankafuna kukasandutsa thayala la galimoto ya mawaya. Mnyamata wina anati akangokaponya pa sikelo ya ogula zitsulo.

Mdzukulu wamkazi wa agogowo anakana. Anakakulunga m'kansalu, nakwera basi kudutsa Bangula, Nchalo ndi Thabwa, mpaka kwa mmisiri wina wokalamba wokonza mawotchi ku Limbe.

“Mayi, mwachita bwino kuti simunakakweche ndi sitiliwulu kapena kupotokola kamutu kake,” anatero bamboyo akuvala kagalasi ka pa diso. “Bwenzi mutakapha.”

Ntchito inatenga masabata angapo. Anamasula timagudumu tonse, kamodzikamodzi, nachotsa dzimbiri pa mano ake. Sipuling'i yaikulu inali itathyoka, ndipo ina anachita kuitola m'wotchi yakufa ya msinkhu womwewo. Anawongola muvi, nasaka unzake, naika galasi latsopano. Mafuta ankadontheza ndi nsonga ya singano.

Kenako anatembenukira kumsana kwake ndi kaburashi kofewa ndi madzi a sopo. Abale inu! Pansi pa matope paja panayamba kutuluka buluu wozama, kenako masamba obiriwira, kenako maluwa ofiirira atatambasuka, ndipo pamwamba pake kambalame kotambasula mapiko, nthenga iliyonse ikuoneka payokha. Mitundu inali yowala waliwali, osafwifwa ngakhale pang'ono.

Chinsinsi chake ndi moto. Chithunzicho ndi cha enamel, ufa wa galasi wosakaniza ndi mitundu, womwe wojambula amapaka pa chitsulo ndi kaburashi kakang'ono kwambiri, n'kuwotcha m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 800, mobwerezabwereza mpaka chithunzi chitakwanira. Ndi mbale wake wa utoto woyera wa pa mbale zathu zachitsulo zija, koma apa padadutsa dzanja la katswiri. Luso lojambula chotere lidakula ku France cha m'ma 1630 kudzera mwa wosula golide Jean Toutin, kenako lidatchukitsa mzinda wa Geneva, komwe abale a banja la Huaud ankakongoletsa mawotchi a mafumu. Lero mawotchi otere amaonetsedwa ku Patek Philippe Museum mumzinda womwewo, ndipo osonkhanitsa zaluso amalimbirana pa okushoni. Galasi lowotcha siliwola, n'chifukwa chake madzi a Shire anadya chitsulo koma maluwa anawalephera.

Kale kanali kachitsulo kopanda mwini wokafuna, lero siliva wake akunyezimira pa tcheni chatsopano. Kale kanali duu, lero kakugunda kasanu pa sekondi iliyonse. Pa chinkhoswe cha mdzukulu wina ku Bangula, agogo anakavala pamwamba pa bulauzi yoyera, ndipo azimayi anasiya miphika pamoto kudzakaona, ena akufunsa nthawi dala, foni zili m'manja. Munthu wina anatchula ndalama. Agogo anaseka, nagwira dzanja la mdzukulu uja anakwera nako ku Limbe.

“Aka n'ka mwana uyu ine ndikadzapita,” anatero. “Iyeyu ndiye anakaona kakadali konyansa.”